Kudzutsa galimoto yakale ya fo wilo: ndalama zanu ziyambire pati?

Aliyense amene adayendapo msewu wopita ku Neno mvula ili mkati, kapena kukwera Gorodi kuchokera pa Chitimba mpaka ku Livingstonia n'kukhota makona ake 20 aja, amadziwa kuti m'dziko muno muli malo amene galimoto wamba siifikako ngakhale woyendetsa atakhala katswiri chotani. Galimoto yatsopano ya fo wilo amaikwanitsa ndi boma, mabungwe ndi anthu ochepa kwambiri. Enafe timatola zimene iwo atopa nazo: ina pa okishoni, ina kwa mwini esiteti amene wasiya fodya, ina imene yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba zaka zingapo.

Ikangofika pakhomo, alangizi amachuluka. Uyu akuti muikweze, uyo akuti muikemo injini ya V8, wina akuti popanda winchi yodzikokera mukatitimira musayerekeze kutuluka m'tauni, chikhalirecho ndalama zimene zatsala m'thumba sizingakwanire ngakhale theka la zimenezi. Ine ndayendetsa ndi kukonzetsa galimoto zoterezi kwa zaka zambiri, ndipo njira iliyonse imene ndifotokoze pano ndiiyeza ndi funso limodzi: chinthu chimenechi chikadzafa muli ku Chelinda kapena ku Makhanga, kodi makaniko wa pa boma lapafupi adzachikonza ndi masipanala amene ali nawo, nanga sipeya yake idzafika patapita masiku angati?

Galimoto yoyambira

Toyota Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene idayamba kupangidwa mu 1984, ndi imene ambiri timaidziwa ngati ambulansi ya chipatala cha boma kapena pikiapu ya apolisi. Injini yake yotchuka ndi 1HZ, ya dizilo, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, yopanda turbo ndiponso yopanda kompyuta, imene idatuluka mu 1990. Siithamanga, ndipo pa chitunda chachitali ngati cha Chiweta imafuna woyendetsa wodekha, koma imasenza katundu wolemera, imapirira dizilo wosaoneka bwino, ndipo palibe boma limene mungasowemo makaniko amene adaitsegulapo. Za mtundu wa 75 zili ndi masipuling'i osanjikiza kutsogolo ndi kumbuyo komwe, n'chifukwa chake zimatyola msana zikakhala zopanda katundu. Kuyambira 1999, za 78 ndi 79 zidayamba kubwera ndi masipuling'i opiringizika kutsogolo, ndipo mabawuti a malimu adatsika kuchoka pa 6 kufika pa 5, chinthu choyenera kuchikumbukira pogula malimu akale. Chimene chimabweza anthu ambiri ndi mtengo, pakuti ngakhale yotheratu eni ake saigulitsa motchipa, komanso zambiri zimene zimatuluka pa okishoni zidagwira ntchito yakalavulagaga m'manja mwa madalaivala osiyanasiyana.

Hilux ndi yopepuka, yosamwa mafuta kwambiri, ndipo masipeya ake ndi amene ali ponseponse, kuyambira ku Ndirande ndi ku Limbe mpaka ku Biwi ndi ku Mzuzu. Koma dzinali likubisa galimoto zitatu zosiyana. Ya LN106, ya pakati pa 1988 ndi 1997, ili ndi injini ya 3L ya malita 2.8 ndi ekisilo yathunthu kutsogolo, yoti tayala limodzi likakwera mwala, difu, bokosi la magiya la pa ekisilo logawira mphamvu ku matayala, nayo imakwera n'kupewa kugunda pansi. Imeneyi ndiyo yolimba kwambiri m'tchire. Zotsatira zake zidasintha, tayala lililonse lakutsogolo n'kumadziyendera palokha, zimene zimakometsa ulendo pa msewu wa tala koma zimachulukitsa mabushi, majointi ndi mphira zong'ambika. Za D-4D zoyambira mu 2005 ndi zamphamvu, koma mainjekita ake amayendetsedwa ndi kompyuta ndipo sagwirizana n'komwe ndi dizilo wa m'zigubu amene timakakamizika kugula mafuta akasowa. Matenda odziwika a mainjini a 2L, 3L, 5L ndi 1KZ-TE ndi kung'aluka kwa hedi injini ikatenthetsa, ndipo nthawi zina kutenthetsa kamodzi kokha n'kokwanira.

Land Rover ndi imene ndimaikonda ndi mtima, ngakhale sindingailangize kwa aliyense. Ya 110 idatuluka mu 1983 ili kale ndi masipuling'i opiringizika pa matayala onse anayi, dzina loti Defender idalilandira mu 1990, ndipo yomaliza ya maonekedwe akalewo idapangidwa mu 2016. Pa msewu wokumbika palibe inzake pa zimene ndatchulazi imene imasunga matayala pansi ngati iyoyi ikakhala momwe idachokera ku fakitale. Imayenda ndi matayala onse anayi nthawi zonse, ndipo woyendetsa amangokhoma difu yapakati akafika poterera. Mainjini a 200Tdi ndi 300Tdi, a malita 2.5, alibe kompyuta ndipo samwa mafuta ngati 1HZ. Ya Td5 yoyambira mu 1998 ili ndi kompyuta, ndipo amakaniko oidziwa ndi ochepa kunja kwa mizinda. Thupi lake ndi la aluminiyamu ndipo silichita dzimbiri, koma chasisi ndi chipupa cha pakati pa injini ndi okwera n'zachitsulo wamba. Imadontha oyilo, imafuna kuti mwini wake aziigwira kawirikawiri, ndipo masipeya ambiri amaitanitsidwa ku South Africa kapena ku Britain. Imayenera munthu amene amakonda kugwira sipanala yekha ndipo amasunga masipeya ang'onoang'ono kunyumba.

Nissan Patrol ya Y60 kapena Y61 yokhala ndi injini ya TD42 ndi mnzake weniweni wa Land Cruiser, ndipo pa zinthu zina imaposa: ma ekisilo ndi giyabokosi yake n'zolimba kwambiri, ndipo injiniyo imayendetsa taiming'i ndi magiya, kotero palibe lamba woti adzaduke. Imatchipirapo chifukwa anthu saifuna kwambiri, koma chifukwa chomwecho masipeya ake sapezeka msanga kumaboma. Ya injini ya ZD30 ya zaka zoyambirira idatchuka ndi kuboola mapisitoni, ndipo ine ndingailambalale. Isuzu KB 250 ndi 280 komanso Mitsubishi Pajero yakale ndi zabwino kwa munthu amene ulendo wake ndi wa msewu wafumbi wopalidwa, osati wa m'dambo.

Mwa zonsezi, munthu wa ndalama zochepa amene amanyamula katundu wosapitirira matumba khumi ndi angapo ndingamuuze kuti afunefune Hilux ya ekisilo yathunthu. Amene ntchito yake ndi kusenza katundu wolemera kumadera akutali apirire mtengo wa Land Cruiser.

Kubwezeretsa kapena kuwonjezera?

Apa ndi pamene ambiri timasocherera. Galimoto zonsezi zidapangidwa kuti ziziyenda m'tchire zili momwe zilili, ndipo imene ikukanika lero nthawi zambiri ikukanika chifukwa yatha, osati chifukwa idabadwa yoperewera. Masipuling'i agona, mashoko adauma kalekale, ma habu akutsogolo sakugwira, giya ya low range, yoyendera pang'onopang'ono ndi mphamvu zambiri, siidalowepo zaka zisanu. Kuika zida zatsopano pa galimoto yotere kuli ngati kufolera malata atsopano pa nyumba ya nsichi zodyedwa ndi chiswe.

Yambirani pansi, osati pa penti, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Lowani kunsi ndi hamala yaing'ono, mugogode chasisi chonse, makamaka pamene pamagwira masipuling'i, pamene pamangidwa bokosi la chiwongolero, ndi mtanda wakumbuyo. Galimoto imene yakhala moyo wake wonse kuno kumtunda siikhala ndi dzimbiri lambiri, koma imakhala ndi ming'alu ya katundu wopyola muyeso. Yochokera ku Britain, kumene amathira mchere m'misewu nyengo yozizira, kapena yokhalitsa m'mphepete mwa nyanja yamchere ngati ku Durban ndi ku Beira, imatha kuoneka bwino kunja m'kati mutaola. Mng'alu umodzi wowotcherera waluso angautseke n'kulimbitsa ndi chigamba chachitsulo, koma chasisi chofumbwa malo ambiri chilibe mankhwala. Eni Defender ali ndi mwayi woti chasisi chatsopano chokutidwa ndi zinki chimagulitsidwa ku Britain, ngakhale mtengo wake pamodzi ndi wonyamulira ungapose wa galimoto yonse. Zitsulo za chiwongolero zokha musalole kuti wina aziwotcherere kapena kuziwongola ndi moto. Zimenezo ndi zosintha basi.

Kenako pabwere mabuleki, mabering'i a matayala, masilu a ma ekisilo ndi zonse zoziziritsa injini. Pa chomalizachi ndidaphunzira movutika. Pa galaja ina adandichotsera m'Hilux thermostat, kachipangizo kamene kamatsegulira madzi njira ya ku ladiyeta injini ikatentha, akuti kuno n'kotentha ndipo siifunika, ine osatsutsa. Pa mainjini ambiri kachipangizoka kamatsekanso njira yachidule ya madzi, moti kakachoka madzi ena amangozungulira m'injini osadutsa mu ladiyeta. Tikukwera kupita ku Nyika, titadutsa chipata cha Thazima, singano idakwera, ndipo pofika madzulo hedi idali itang'aluka. Ladiyeta yotsukidwa bwino kapena yatsopano, thermostat yeniyeni, fani yogwira, mapaipi atsopano ndi coolant m'malo mwa madzi a pa mjigo amene amasiya miyala m'kati, zonsezi pamodzi sizifika pa mtengo wa hedi imodzi.

Njira zinayi za injini yotopa

Njira yoyamba ndi kuiphwasula n'kuimanganso. Buloko ndi kilankishafuti zimapita kwa a makina ku Blantyre kapena ku Lilongwe kuti zikayezedwe, hedi ikapalidwe, kenako mapisitoni, maling'i, mabering'i ndi magasiketi n'kuikidwa atsopano, pampu ya dizilo ndi manozo n'kupita kwa katswiri wake. Ubwino wake ndi woti mumadziwa chilichonse chimene chili m'kati, ndipo nambala ya injini siisintha. Kuipa kwake kuli pa masipeya achinyengo, amene achuluka kwambiri chiyambire kusowa kwa ndalama zakunja, makamaka kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Bokosi limatha kulembedwa dzina la kampani yodziwika, m'kati muli maling'i oti satha chaka. Pa gasiketi ya hedi, lamba wa taiming'i ndi maling'i, gulani kwa ogulitsa ovomerezeka ngakhale mtengo ukuwawa, ndipo musanaphwasule chilichonse yezetsani kompuresheni, chifukwa utsi wambiri nthawi zina umachokera ku manozo okha.

Njira yachiwiri ndi kugula injini yogwirapo kale ntchito yochokera ku Japan, ya mtundu womwewo. Ndi yachangu, ndipo ikakhala yabwino imaposa yomangidwa ndi masipeya okayikitsa. Koma mukugula chinthu chimene mbiri yake simukuidziwa, ndipo chitsimikizo cha ogulitsa chimakhala cha masiku ochepa. Musalipire musanaimve ikulira ili yozizira, tsegulani chivundikiro muone ngati m'kati muli phala lakuda, ndipo sinthani lamba wa taiming'i, pampu ya madzi ndi silu yakumbuyo isanalowe m'galimoto, pamene manja akufika paliponse mosavuta. Lamba wa 1HZ ndi wa 3L asapitirire makilomita 100,000, chifukwa akaduka mavalavu amakumana ndi mapisitoni.

Njira yachitatu ndi kuika injini ya mtundu wina. Ku South Africa ambiri amaika 1UZ-FE, V8 ya petulo ya malita 4.0 yochokera mu Lexus, m'ma Hilux ndi m'ma Land Cruiser, ndipo ena amaika Nissan TD27 kapena 300Tdi mu Land Rover ya Series, yakale imene idalipo 110 isanatuluke. Mphamvu imabweradi, koma V8 imafuna kompyuta ndi mawaya amene makaniko wa ku Chitipa sadawaonepo, imamwa petulo kwambiri pa mchenga, ndipo mphamvu yowonjezerayo imakathyola chimene chili chofooka patsogolo pake, kaya kilatchi, giyabokosi kapena mashafuti a matayala. Galimoto imasanduka ya mafuko awiri, yoti pogula sipeya muyenera kukumbukira kuti ichi n'cha uyu, icho n'cha uyo. Kusintha kumene ndimakuvomereza ndi kwa injini ya dizilo yopanda kompyuta, ya mphamvu yosatalikirana ndi yakale, imene masipeya ake ali pafupi. Ndipo injini ikasintha, kaya mwa njira yachiwiri kapena yachitatu, nambala yatsopano iyenera kukalembetsedwa ku Road Traffic kuti igwirizane ndi bulubuku, a inshuwalansi nawo adziwitsidwe. Kupanda kutero mudzavutika pa COF, pa chipata cha dziko, ndiponso tsiku la ngozi.

Njira yachinayi ndi ya amene injini yawo ili bwino koma akuiona kufooka, ndiyo kuika turbo pa 1HZ kapena 3L. Dandaulo lawo ndi loona, popeza injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake pa mamita 1,000 alionse okwera, ndipo ku Nyika muli pamwamba pa mamita 2,000. Koma mainjiniwa ali ndi kompuresheni yokwera ndipo mapisitoni ake sadapangidwire kutentha kwa turbo. Amene zimawayendera ndi amene amaika mpweya wochepa, osatsegulira pampu mopyola, n'kuika geji yoyeza kutentha kwa utsi, ndipo amabweza phazi ukayandikira madigiri 700. Ngati galimoto idzayendetsedwa ndi madalaivala osinthasintha, isiyeni momwe ilili, aziika giya yotsika.

Matayala

Pa zonse zowonjezera, matayala ndi amene amasintha galimoto kwambiri pa kwacha iliyonse yolipidwa. Kusankha kuli pakati pa a all-terrain, amene mapanga ake ndi apakatikati, ndi a mud-terrain, a zibuma zikuluzikulu zotalikirana. Oyambawo amakhalitsa pa tala, salira, amagwira bwino pa msewu wonyowa ndi pa mchenga wa kunyanja ngati wa njira ya ku Makanjira. Koma akalowa m'makande, dothi lakuda lomata lija la m'zigwa za Chilwa ndi za ku Shire, mapanga amadzaza n'kusanduka osalala ngati nsima. A mud-terrain amalavula matope akamazungulira ndipo m'mbali mwake ndi molimba pa zitsa, koma amatha msanga pa tala, amawonjezera mafuta, ndipo amatalikitsa mtunda woimira pa msewu wonyowa. Woyenda kwambiri pa M1 n'kumapatuka mwa apo ndi apo atenge oyambawo. Mlangizi wa zaulimi, mbusa kapena wogula mbewu amene amakhala m'midzi kuyambira Disembala mpaka Epulo atenge achiwiriwo. Pali njira yachitatu imene anthu aiiwala, ndiyo matcheni omanga pa matayala akumbuyo pofika pa makande n'kuwamasula mukadutsa.

Za kukula kwake ndikhalitsapo pang'ono. Difu imakwera ndi tayala lokha, osati ndi masipuling'i, n'chifukwa chake anthu amathamangira akuluakulu. Koma kuchoka pa tayala la mainchesi 31 kupita pa 33 kumakweza difu ndi inchesi imodzi yokha, pafupifupi masentimita awiri ndi theka, pomwe magiya onse amalemera ndi 6 peresenti, mabuleki amafooka, ndipo mabering'i ndi majointi akutsogolo amasenza mtolo umene sadaupangidwire. Hilux ya 3L imamva kusinthaku pa chitunda chilichonse. Tayala lowonda ndi lalitali, la 7.50R16 kapena 235/85R16, limadula matope n'kukagwira pouma pansi, limakwana m'mikwasa ya ngolo ndi ya malole, ndipo ndi limene mungalipeze kumaboma likaphulika. Sankhani lolembedwa LT, la mapulayi 8 kapena 10, ndipo onse asanu akhale a msinkhu umodzi, chifukwa matayala osiyana amalimbanitsa ma ekisilo fo wilo ikalowa.

Malimu ogawika a Land Cruiser, oyendera chubu, amakonzeka ndi aliyense wodziwa kumata njinga, koma mkombero wake ukapanda kukhala bwino umatha kufwamphuka popopa n'kupha munthu, ndipo chubu chimatsinidwa mpweya ukachepetsedwa kwambiri. Opanda chubu amamatika ndi pulagi tayala lili pagalimoto pomwepo, ndipo amalola kutsitsa mpweya mpaka pafupifupi 1.2 bar pa mchenga, zimene zimathandiza kuposa chida china chilichonse, bola mukhale ndi pampu yobwezera mpweya mukafika pouma. Pa matayala a kaunjika, werengani manambala anayi omaliza a DOT m'mbali mwake: 2318 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Lokalamba zaka khumi musaligule ngakhale mapanga ali odzaza.

Kukweza galimoto

Masipuling'i akagona pali njira yotchipa ndi yodula. Kuwakhoma ndi hamala kuti apindikenso kumathandiza miyezi yochepa, ndipo kuwawotcha ndi moto kumapha chitsulo. Kuwonjezera chitsulo chimodzi m'mtolo kumathandiza wonyamula katundu tsiku ndi tsiku, koma galimoto imauma ndipo ikakhala yopanda kanthu matayala amadumpha m'malo mogwira pansi. Kutalikitsa mashakolo, tizitsulo tolumikiza masipuling'i ku chasisi, kumakweza pang'ono koma kumasokoneza chiwongolero, ndipo kukweza thupi lokha poika zidutswa pakati pa thupi ndi chasisi sikuwonjezera kalikonse kunsi. Pa Hilux ndi Isuzu za tayala lodziyendera palokha, ena amamanga kwambiri zitsulo zopotoka za kutsogolo kuti mphuno ikwere, mapeto ake majointi amagwira ntchito atapendekeka n'kumang'amba mphira zake.

Njira yabwino ndi masipuling'i ndi mashoko atsopano opangidwira limodzi, monga a Old Man Emu kapena Ironman, okweza ndi mamilimita 50 basi, osankhidwa molingana ndi katundu amene mumanyamuladi. Kupyola pamenepo, walira mvula walira matope: mapaipi a mabuleki amafupika, pulopela shafuti imanjenjemera, chiwongolero chimayamba kusakasaka msewu, ndipo chilichonse chimafuna ndalama zake. Choopsa koposa n'chakuti galimoto yaitali imagubuduzika msanga, makamaka pamwamba pakakhala keriya yodzaza zigubu, popeza chigubu chimodzi cha malita 20 chimalemera pafupifupi makilogalamu 20. Pa makona a Gorodi kapena m'mapiri a Misuku, katundu wolemera akhale pansi, pakati pa ma ekisilo.

Zodzitulutsira mukatitimira

Difu wamba imatumiza mphamvu ku tayala limene likuzungulira mosavuta, moti galimoto ya fo wilo imatha kuima tayala limodzi lakutsogolo ndi limodzi lakumbuyo zikungopalasa. Loko ya difu yakumbuyo imathetsa zimenezi. Yoyatsa ndi batani, kaya ya mpweya ngati ARB Air Locker kapena yamagetsi ngati ya Eaton, ndiyo yabwino chifukwa ikazimitsidwa galimoto imakhala monga kale, ndipo ikafa mumangobwerera ku difu wamba. Koma ndi yodula ndipo imafuna woiika wodziwa kutchera magiya a difu. Yodzikhoma yokha, ngati Detroit Locker, ndi yotchipirapo ndipo ilibe mapaipi kapena mawaya, koma imagogoda pokhota ndipo imatha kukankha galimoto cham'mbali pa tala wonyowa. Kuwotcherera difu ndi kwa galimoto yosatuluka pa famu. Pa msewu kumadya matayala ndi kuthyola mashafuti. Musanagule chilichonse yang'anani chimene muli nacho kale, chifukwa Land Cruiser zina za 70 ndi 80 zidabwera ndi maloko a ku fakitale amene amangofuna kutsukidwa mota ndi kukonzedwa mawaya.

Winchi yamagetsi iyenera kukoka kulemera kwa galimoto yodzaza kuphatikizapo theka lake, zimene pa Land Cruiser zikutanthauza ya mapaundi 12,000, ndipo imafuna bampala yachitsulo, batire lamphamvu ndi masipuling'i akutsogolo olimbirapo. Imakokera kutsogolo kokha, ndipo m'dambo mmene anthu amatitimira kwambiri mulibe mtengo womangako chingwe, pokhapokha mutakwirira tayala la sipeya kuti likhale nangula. Winchi yamanja ya mtundu wa Tirfor ndi yochedwa ndi yotopetsa, koma imakokera mbali iliyonse, imagwira injini itazima, ndipo imathandizanso kuchotsa mtengo wogwera mumsewu. Kwa woyenda yekha kutali, ndingayambe ndi yamanjayi.

Komabe zimene zandipulumutsa kawirikawiri ndi khasu, fosholo, chikwanje, jeke wamtali ndi thabwa lomuikapo, matabwa awiri okhuthala oika kunsi kwa matayala, ndi lamba wokokera wolimba, pamodzi ndi anyamata a m'mudzi wapafupi amene amadziwa pamene pali pouma ndipo ayenera kulipidwa mwaulemu. Jeke wamtali ndi woopsa, chogwirira chake chimatha kubwerera n'kuphwanya nsagwada, ndipo munthu asalowe kunsi kwa galimoto yoimikidwa pa iye. Lamba asamangidwe pa mpira wokokera ngolo, chifukwa umatha kuthyoka n'kuuluka ngati chipolopolo. Amangidwe pa ngowe zomangidwa ndi mabawuti ku chasisi, ndipo oonerera, makamaka ana, aime kutali.

Madzi ndi fumbi

Snorkel, paipi yokweza polowera mpweya wa injini mpaka cha ku denga, ambiri amaiona ngati chilolezo chowolokera mtsinje uliwonse, pomwe phindu lake la tsiku ndi tsiku ndi kukoka mpweya wa pamwamba, wochepa fumbi, m'miyezi ya chilimwe. Imatetezadi injini ya dizilo, imene ikameza madzi ngakhale ochepa imapinda zitsulo za mapisitoni nthawi yomweyo, koma imateteza pokhapokha molumikiza monse mutamatidwa bwino, ndipo zotchipa zambiri zimang'aluka ndi dzuwa. Opanga adaika malire a madzi pa mamilimita 700 kwa Land Cruiser 70 ndi 500 kwa Defender, ndipo snorkel siiletsa galimoto kuyandama kapena kukokoloka. Amene adaona mitsinje ya ku Phalombe, Mulanje ndi Chikwawa pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa mphamvu ya madzi othamanga. Mtsinje umene simungauwoloke wapansi mosadzandira, udikireni uphwe.

Ndalama zochepa zingagwire ntchito yaikulu pa zinthu ziwiri zosaoneka. Choyamba ndi fyuluta yachiwiri ya dizilo yokhala ndi kabotolo kolekanitsa madzi, yoikidwa dizilo asanafike ku fyuluta ya fakitale, imene imateteza pampu ku mafuta a m'zigubu ndi ku zinyalala za m'thanki yakale. Chachiwiri ndi timapaipi topumira ta madifu, giyabokosi ndi transfer (bokosi logawa mphamvu ku ma ekisilo onse awiri), totalikitsidwa mpaka pamwamba m'chipinda cha injini. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umafota n'kuyamwa madzi kudzera popumira kapena m'masilu, ndipo mwini wake sadziwa kanthu mpaka mabering'i atayamba kulira patapita miyezi. Mukawoloka madzi ofika pa ekisilo, masulani bawuti yothirira oyilo wa difu mukafika kumene mukupita, mulowetse chala. Oyilo akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, mukhetseni tsiku lomwelo, muthire watsopano, ndipo mupope gilizi m'majointi onse a pulopela shafuti mpaka madzi atuluke.